MKUNTHO UMENE UNAGWETSA NSANJA YA OIMBA KU INDIANAPOLIS, NDI MMENE OFEDWA ANATHANDIZIDWIRA

Pa Ciweru, tsiku la 13 Ogasiti m'caka ca 2011, anthu pafupifupi 12,000 anasonkhana pa bwalo la cionetsero mu mzinda wa Indianapolis, likulu la cigawo ca Indiana m'dziko la America, kudzamvera nyimbo za gulu la Sugarland. Ena anabwera ndi ana ao, ena ndi mabwenzi ao, ndipo ena anayenda mitunda yaitali kucokera ku zigawo zoyandikana. Pofika pakati pa usiku womwewo anthu anai anali atafera pabwalopo, ambiri anali gone m'zipatala, ndipo oimba amene anawadzera anali asanaimbe ngakhale nyimbo imodzi.

Nkhani imeneyi inacitika kutali ndi kwathu kuno, koma tiifotokoza pa tsamba lino cifukwa ili ndi mbali ziwiri zimene zikhudza munthu aliyense amene anakhalapo pansi pa tenti mitambo itada. Mbali yoyamba ndi yakuti imfa zimenezi zikanapewedwa. Mbali yaciwiri ndi ya zimene boma, oimba ndi anthu wamba anacita, ndi zimene analephera kucita, pothandiza mabanja amene anatsala m'misozi.

USIKU WA NGOZI

Cionetsero ca cigawo ca Indiana, cochedwa Indiana State Fair, cicitika caka ndi caka nthawi ya dzinja la kumeneko pamene kunja kuli kotentha. Alimi amabweretsa ng'ombe, nkhumba ndi zokolola zao kudzapikisana, amalonda amaonetsa katundu wao, ndipo madzulo kumakhala nyimbo pa bwalo lalikulu. Tsiku limenelo Mai Sara Bareilles ndiwo anayamba kuimba, ndipo atatsika khamu linakhala likudikira Mai Jennifer Nettles ndi Bambo Kristian Bush, awiri amene amapanga gulu la Sugarland.

Pamwamba pa nsanja panali denga loimika kwa kanthawi cabe, la mizati ndi mitanda yacitsulo, lofoleredwa ndi cinsalu cacikulu. Ku dengalo kunali kutapacikidwa nyali, zokuzira mau ndi zipangizo zina, ndipo zonse pamodzi zinali kulemera matani opitirira 30. Amene anagula matikiti a kutsogolo anaima pafupi kwambiri ndi nsanjayo, pansi penipeni pa mthunzi wa zitsulozo.

A zanyengo anali atacenjeza kale madzulo a tsikulo kuti mvula yamabingu ili kubwera kucokera kumadzulo. Akulu a cionetsero anakhala pansi nakambirana za kucedwetsa nyimbo, ndipo iwo anali kuyembekezera kuti mkunthowo ufika nthawi ya 21.15 koloko. Pa 20.39 koloko ofesi ya boma ya zanyengo inatulutsa cenjezo lamphamvu lonena kuti kuli kubwera matalala ndi mphepo ya liwiro la makilomita oposa 95 pa ola. Ofufuza anadzapeza pambuyo pake kuti cenjezo limeneli silinafike kwa mkulu wa cionetsero, ndiponso silinafike kwa mkulu wa apolisi amene anali naye.

Mphindi zocepa pambuyo pa cenjezolo wolengeza anakwera pa nsanja nauza khamu kuti nyimbo ziyamba posacedwa, ndi kuti ngati nyengo iipa anthu adzauzidwa kukabisala m'nyumba zoyandikana. Anthu anaomba m'manja nakhala pomwepo. Mkulu wa apolisi atamva kulengeza kumeneku sanakondwe nako, ndipo iye pamodzi ndi mkulu wa cionetsero ananyamuka kupita ku nsanja kukalamula kuti bwalo lonse licoke. Sanafike. Pa 20.46 koloko cimphepo cinadzutsa fumbi, cinsalu ca padenga cinang'ambika, ndipo denga lonselo linapendekeka niligwera anthu amene anali kutsogolo.

Cimene anthu ambiri akumbukirabe ndico cimene cinatsatira. Khamu linayamba kuthawa, koma posakhalitsa mazana a anthu anabwerera, nalumpha mipanda, nayamba kutukula zitsulo ndi manja ao kuti opanikizidwa aturuke. Madokotala ndi anamwino amene anabwera kudzasangalala anagwada m'fumbi nayamba nchito, ndipo obvulala ananyamulidwa pa ciliconse cimene cinapezeka pafupi. Oimba a Sugarland sanabvulale, pakuti anali asanakwere pa nsanja.

Wacisanu anamwalira m'cipatala usiku womwewo kusanace, ndipo ena awiri anatsatira mwezi wa Ogasiti usanathe. Onse pamodzi anakwana asanu ndi awiri, akazi asanu ndi amuna awiri, wamng'ono wa zaka 22 ndipo wamkulu wa zaka 51. Mmodzi wa amunawo anali wanchito amene anakwera pamwamba pa zitsulozo kukayendetsa nyali, ndipo winayo anali mlonda. Obvulala anali 58, pakati pao ana ang'ono, ndipo ena anathyoka msana kapena kubvulala m'mutu kotero kuti moyo wao sunabwererenso mwakale.

KODI INALI MPHEPO YOKHA?

M'mawa mwake bwanamkubwa wa cigawoco, Bambo Mitch Daniels, anauza atolankhani kuti imeneyi inali ngozi yodzidzimutsa ya mphepo imene inagwa pamalo amodzi. Ambiri anabvomereza mau amenewo, pakuti tsoka silinunkha. Komabe boma linalemba makampani awiri kuti afufuze. A Thornton Tomasetti, amene ndi mainjiniya, anapatsidwa nchito yoona cifukwa cimene denga linagwera, ndipo a Witt Associates anapatsidwa nchito yoona mmene akulu a cionetsero anakonzekerera zangozi. Malipoti onse awiri anatuluka mu Epulo 2012, ndipo anasintha maganizo a anthu.

Mainjiniyawo anapeza kuti mphepo imene inagwetsa dengalo inali ya liwiro la makilomita pafupifupi 95 pa ola. Malamulo a zomangamanga anafuna kuti denga lotere lithe kupirira mphepo ya makilomita 109 pa ola. Ndiko kunena kuti denga lomangidwa moyenera likanaima usiku umenewo. Koma ilo linagwiriridwa ndi zingwe zomangiriridwa ku zipupa zasimenti zosunthika, zonga zimene amaika pakati pa miseu, ndipo zipupa zimenezi sizinakhomeredwe pansi. Zinayamba kukhwekhwereka mphepo itangofika pa makilomita 53 pa ola. Zitangosuntha, zingwe zinalekerera, mizati inapindika, ndipo katundu yense wa pamwamba anatsikira pa anthu. Cina codabwitsa ndi cakuti panalibe woyendera wa boma amene anaona dengalo lisanagwiritsidwe nchito, cifukwa lamulo la nthawi imeneyo silinakakamize kutero pa zomanga za kanthawi zoima pa malo a boma.

A Witt Associates anapeza bvuto lina, ndilo lakuti sizinadziwike bwino kuti mwini mphamvu yoimitsa nyimbo anali yani. Panali akulu a cionetsero, apolisi, oyendetsa ulendo wa oimba, ndi kampani imene inaimika denga, ndipo aliyense anayesa kuti mau omaliza ali ndi mnzake. Pa milandu imene inatsatira, a cionetsero ananena kuti anapempha kuti nyimbo zicedwetsedwe koma a mbali ya oimba anakana, pamene oimbawo anati iwo eni sanafunsidwe, ndi kuti udindo wocotsa anthu pabwalo unali wa eni malo. Kutsutsana kumeneku kokha kusonyeza mmene zinthu zinalili usiku uja. Mphindi zisanu ndi ziwiri zinapita kucokera pamene cenjezo linatuluka kufikira pamene denga linagwa, ndipo zikanakwanira kusunthira anthu a kutsogolo kutali ndi zitsulo.

Mu Febuluwale 2012 ofesi ya cigawo yoona za citetezo ca anchito inali italipiritsa kale kampani ya Mid-America Sound, imene inali mwini denga, madola 63,000. Bungwe la anchito oimika nsanja linalipiritsidwa madola 11,500, ndipo bungwe loyendetsa cionetsero madola 6,300.

MPHEPO YOTSOGOLERA MVULA

Mlimi aliyense adziwa kamphepo kozizira kamene kamadza ndi fumbi ndi zinyalala mvula isanagwe. Akatswiri afotokoza kuti mkati mwa mtambo wamabingu mpweya umazizira ndi madontho ndi matalala, ndipo pokhala wolemera umatsika mwamphamvu. Ukagunda pansi umamwazikira mbali zonse monga madzi okhutulidwa pa simenti, ndipo umathamanga patsogolo pa mtambowo, nthawi zina makilomita ambiri. Ici ndico cinanyenga a ku Indianapolis. Iwo anali kuwerengera nthawi yofika mvula, koma mphepo inayamba ndiyo kufika, pabwalo pakali pouma.

Cinanso coyenera kudziwa ndi cakuti mphamvu ya mphepo sikula mofanana ndi liwiro lake. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yokankha imawirikiza kanai. Tsono cinsalu ca padenga, nsalu zochinga m'mbali ndi zikwangwani zazikulu zimagwira mphepo monga thanga la ngalawa, ndipo zonse zimakokera pa zingwe zocepa. Nsanja imene ioneka yolimba masana kuli bata ingathe kukhala msampha m'kamphindi.

Caka ca 2011 cinaonetsa zimenezi kangapo. Pa 17 Julai, mu mzinda wa Ottawa ku Canada, denga la nsanja linagwa gulu la Cheap Trick lili mkati moimba, koma mwamwai panalibe wakufa. Pa 18 Ogasiti, patangopita masiku asanu cicitikire ngozi ya ku Indianapolis, mkuntho unagwa pa cikondwerero ca nyimbo ca Pukkelpop pafupi ndi mzinda wa Hasselt ku Belgium, pamene panali anthu pafupifupi 60,000. Matenti, mitengo ndi zitsulo zinagwa, anthu asanu anafa, oposa 100 anabvulala, ndipo cikondwereroco cinathera pomwepo. Ngozi zotere sizinaleke. Pa 13 Ogasiti 2022 mnyamata wa zaka 22 anafa pa cikondwerero ca Medusa ku Cullera m'dziko la Spain, ndipo pa 22 Meyi 2024 mphepo inagwetsa nsanja pa msonkhano wa ndale ku San Pedro Garza García m'dziko la Mexico nipha anthu osacepera asanu ndi anai.

THANDIZO LOYAMBA: ZOPEREKA ZA ANTHU

Cionetsero ca Indiana cinatsekedwa pa Sondo, ndipo cinatsegulidwanso Lolemba pa 15 Ogasiti ndi mapemphero okumbukira akufa. Pa zipata za bwalo anthu anaunjika maluwa ndi makalata. Koma maluwa salipira cipatala, ndipo m'dziko la America mtengo wa cipatala ndi woopsa. Munthu wogona masabata angapo m'cipinda ca odwala mwakayakaya angathe kuturuka ndi ngongole yoposa mtengo wa nyumba yake. Mabanja ena anafunika kusiya nchito ndi kukhala pafupi ndi cipatala mu mzinda wacilendo, ena anafunika kunyamula maliro kupita nao kwao.

Cotero m'masiku oyambirira kunakhazikitsidwa thumba la zopereka lochedwa State Fair Remembrance Fund, losungidwa ndi bungwe lacifundo la Central Indiana Community Foundation. Anthu wamba, makampani ndi oimba anaponyamo ndalama. Magulu a Maroon 5 ndi Train, amene anayenera kuimba pa bwalo lomwelo sabata yotsatira, anasamukira m'holo yaikulu ya mumzinda ya Conseco Fieldhouse, ndipo phindu la usiku umenewo linapita ku thumbalo. Pa Cisanu, 28 Okutobala, a Sugarland anabwerera ku Indianapolis naimba m'holo yomweyo popanda kulipiritsa pakhomo, ndipo odzamvera anapemphedwa kupereka mwakufuna kwao. Zonse pamodzi zinafika pafupifupi madola miliyoni imodzi.

Kusonkhanitsa ndalama ndi kwapafupi, kugawa ndiko kumadanitsa anthu. Pozindikira ici, akulu a cigawo anaitana Bambo Kenneth Feinberg, loya amene anayendetsa thumba la cipukuta misozi la mabanja a anthu ophedwa pa 11 Sepitembala 2001 ku America. Iwo anabvomera kuthandiza osalandira malipiro. Njira yao inali yosabvuta kuimva, ndipo inalengezedwa poyera aliyense asanalandire kanthu. Banja la womwalira linalandira madola 35,000 pa gawo loyamba. Wogona m'cipatala masiku khumi kapena kuposerapo analandira madola 25,000, wa masiku anai kufikira asanu ndi anai madola 7,500, ndipo wa tsiku limodzi kufikira atatu madola 3,000.

Ena angadabwe kuti kuwawa kwa munthu kuyesedwe ndi masiku a m'cipatala. Koma maganizo a Bambo Feinberg pa matumba onse amene anayendetsa akhala akuti ndalama zacifundo ziyenera kufika msanga, ndi kuti wofedwa asabvutitsidwe ndi mafunso ambiri ndi mapepala osatha. Masiku a m'cipatala ngolembedwa kale m'mabuku, ndipo palibe angawatsutse. Sanafunse kuti womwalirayo anali wolemera kapena wosauka, ndipo mabanja onse asanu ndi awiri analandira mofanana. Ndiponso, popeza zinali mphatso, wolandira sanataye ufulu wake wokasuma ku bwalo la milandu.

MALIRE A LAMULO

Mbali yobvuta inali ya boma. Bwalo la cionetsero ndi la cigawo ca Indiana, ndipo lamulo la kumeneko linaika malire pa ndalama zimene boma lingalipire likapezeka ndi mlandu: madola 700,000 pa munthu mmodzi, ndipo madola 5 miliyoni pa ngozi imodzi, kaya okhudzidwa aculuke motani. Woweruza wamkulu sakanatha kuonjezera, ndipo loya wamkulu wa cigawo, Bambo Greg Zoeller, analengeza msanga kuti boma lipereka 5 miliyoni yonseyo popanda kudikira milandu.

Awerengi angadziwerengere okha. Mabanja asanu ndi awiri akanalandira madola 700,000 lililonse, ndalamazo zikanakwana 4.9 miliyoni, ndipo obvulala oposa 50 akanagawana madola 100,000 otsalawo. Cotero mu Disembala 2011 banja lililonse la womwalira linapatsidwa madola osacepera 300,000, ndipo obvulala anabwezeredwa pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ndalama za cipatala zimene anali ataononga kufikira nthawi imeneyo. Wolandira anayenera kusaina kuti sadzasumiranso boma. Kwa wopuwala amene adzafuna njinga ya olumala, womusamalira ndi mankhwala moyo wake wonse, ndalama zimenezi zinali zocepa zedi, ndipo nyuzipepala za kumeneko zinadzaza ndi madandaulo.

Madandaulowo anafika ku nyumba ya malamulo ya cigawo. M'caka ca 2012 aphungu anabvomereza madola ena 6 miliyoni, ndipo zonse zocokera ku boma zinakhala 11 miliyoni. Mabanja a omwalira anakwaniritsidwa kufika pa madola 700,000 lililonse, ndipo zotsala zinapita kwa obvulala. Malire a 5 miliyoni aja sanacotsedwe m'lamulo, pakuti coonjezeraco cinali ca ngozi iyi yokha. Banja lina la mwana wobvulala linakana gawo lake nilipita ku bwalo kukatsutsa malirewo, koma mu 2015 bwalo la apilo linagamula kuti malirewo ngololedwa.

Panatsala milandu yosumira makampani. Imeneyi inatenga zaka zitatu ndi miyezi inai. Mu Disembala 2014 maloya analengeza kuti makampani ndi mabungwe 19, kuphatikizapo a Sugarland, a Live Nation ndi a Mid-America Sound, agwirizana kunja kwa bwalo kulipira madola 39 miliyoni. Pamodzi ndi za boma zija, cipukuta misozi conse cinafika pa madola 50 miliyoni.

Tikaika ziwerengero zimenezi pamodzi tiona cinthu cofunika. Ndalama zazikulu zinabwera mocedwa, ndipo zazing'ono za anthu acifundo ndizo zinafika pamene mabanja anali kugula mabokosi ndi kugona m'makonde a zipatala. Zonse ziwiri zinali ndi nchito yake. Popanda zopereka za msanga, mabanja akanamira m'ngongole milandu isanathe. Popanda milandu, opuwala akanatsala ndi thandizo la miyezi yocepa pa bvuto la moyo wonse.

ZIMENE ZINASINTHA

Acibale a omwalira sanafune ndalama zokha. Anafunanso kudziwa coonadi, ndi kuona kuti zimenezi sizidzagweranso ena. M'caka ca 2012 cigawo ca Indiana cinakhazikitsa lamulo lakuti nsanja zazikulu za panja ziziyenderedwa ndi kupatsidwa cilolezo zisanagwiritsidwe nchito. Bungwe la cionetsero linalemba mkulu watsopano woona za citetezo, nililemba dongosolo lonena mwacindunji amene ali ndi mphamvu yocotsa anthu pabwalo. Anchito a zoimbaimba m'dzikolo anapanga bungwe lao la Event Safety Alliance, limene linatulutsa buku la malangizo mu 2014. Lero pa zikondwerero zikuluzikulu zambiri pamakhala cipangizo coyeza mphepo pamwamba pa nsanja, ndi pepala lonena zoyenera kucita mphepo ikafika pa liwiro lakutilakuti: kutsitsa nsalu za m'mbali, kutsitsa zokuzira mau, ndi kucotsa anthu.

Pa 13 Ogasiti 2012, nthawi itakwana 20.46 koloko, cionetsero conse cinaima cete kukumbukira akufawo, ndipo pafupi ndi bwalo panaikidwa cikumbutso ca maina ao asanu ndi awiri. Kwa wofedwa cinthu cotere si cacing'ono, pakuti cimene aopa kwambiri ndi cakuti dziko lidzaiwala mwana wake.

PHUNZIRO KWA IFE

Akuluakulu anati caona mnzako capita, mawa cili pa iwe. Kwathu kuno misonkhano yathu yambiri icitikira panja. Cionetsero ca zaulimi ndi zamalonda mu Lusaka cigwa kumayambiriro kwa Ogasiti, mwezi wa mphepo ndi akamvuluvulu. Nyimbo za Khirisimasi ndi mapemphero olandira caka catsopano zigwa pakati pa dzinja, ndipo mwambo wa N'cwala ku Mtenguleni ucitika mu Febuluwale mvula ili pakati. Pa zonsezi pamaimikidwa matenti, nsanja ndi zokuzira mau zosanjikizana, nthawi zina ndi anyamata olembedwa tsiku lomwelo.

Wokonza msonkhano ayenera kudziwa zinthu zinai msonkhano usanayambe. Coyamba, adziwe mphamvu ya mphepo imene nsanja yake ingapirire, ndipo mwini nsanjayo anene polemba. Caciwiri, pakhale munthu mmodzi womvetsera malipoti a ofesi ya zanyengo amene alibe nchito ina. Cacitatu, pakhale munthu mmodzi wodziwika ndi dzina, amene akati nyimbo ziime ziimadi, ngakhale woimba wochuka ali pakati pa nyimbo kapena mlendo wolemekezeka ali pakati pa kulankhula. Cacinai, anthu auzidwe kothawira mitambo isanade. Ndipo inu odzaonera, mukamva kamphepo kozizira ndi kuona fumbi likudzuka, musadikire wolengeza. Cokani pafupi ndi nsanja, mizati ya nyali ndi mitengo. Mukaona mphezi werengani mpaka mumve bingu, ndipo dziwani kuti masekondi atatu alionse ndi mtunda wa kilomita imodzi. Akatswiri alangiza kudikira mphindi 30 kucokera pa bingu lomaliza musanabwerere pabwalo.

Pa za kuthandiza ofedwa, ife si alendo. Maliro akagwa pamudzi, uyu amabwera ndi ufa, uyo ndi nkhuni, wina amakumba manda, ndipo mbale ya cipepeso imazungulira. Mnzako akapsa ndevu mzimire. Koma tidziwanso kuti maliro akatha anthu amabalalika, ndipo wamasiye amatsala yekha ndi ana ofuna ndalama za sukulu. Tidziwanso kuwawa kwa kudikira. Mabanja a anthu 30 amene anafa pa ngozi ya ndeke ya timu yathu ya mpira pafupi ndi Libreville ku Gabon mu Epulo 1993 anayenda m'mabwalo a milandu kufikira 2002 pofuna cipukuta misozi.

Cotero pagwa ngozi ya anthu ambiri, zopereka zisungidwe m'thumba limodzi lodziwika, pansi pa anthu okhulupirika amene alibe mbali pa mlanduwo. Njira yogawira ilengezedwe poyera ndalama zisanagawidwe, ndipo ciwerengero ca zolowa ndi zoturuka cisindikizidwe kuti onse aone. Mphatso isasandulike nyambo yotsekera pakamwa wofedwa kuti asakafunse cimene cinapha mbale wake. Wolumala akumbukiridwe pamodzi ndi womwalira, pakuti bvuto lake liyamba pamene maliro a enawo atha. Ndipo aliyense wolipiritsa anthu pakhomo akhale ndi inshuwalansi yokwanira khamu limene waitana, kuti zikabvuta mtolo usagwere boma ndi acifundo okha.

Anthu asanu ndi awiri a ku Indianapolis anacoka kunyumba kwao madzulo a Ciweru, ena kukamvera nyimbo ndipo ena kukagwira nchito, ali ndi cikhulupiriro cakuti amene anamanga denga ndi amene anawaitana anacita nchito yao. Cikhulupiriro cotero ndico ali naco aliyense wolowa pa cipata ca bwalo, ndipo okonza misonkhano ayenera kucilemekeza asanagulitse tikiti yoyamba.